Zitsa za pa Khoma la Damu

Gervais anali atakoka chingwe cha macheka a injini kawiri konse pamene mlongo wake Solene anafika n'kudzikhalira pansi pa mtengowo, msana kutsamira thunthu, miyendo tambalale m'matope.

"Choka apo iwe."

"Sindichoka."

"Solene, ndati choka. Macheka awa sadziwa chibale."

"Ndiye yambira pa ine. Dula apa," anatero akudzimenya m'chiuno. "Mtanda wake utuluka wonenepa bwino."

Linali tsiku lachitatu chiwaikireni m'manda bambo awo, a Leonce Vergnaud, ndipo m'chigwa chino ngakhale mwana amadziwa zimene a kwa Vergnaud amachita tsiku lachitatu. Pabanjapo mwana akabadwa amam'dzalira mtengo wa thundu pamwamba pa khoma la dothi lotchinga damu lawo. Akamwalira, mwana wake wamwamuna wamkulu amaugwetsa n'kusemamo mtanda wa pamanda. Anayambitsa ndi agogo a agogo awo, omwe anaunjika khomalo ndi ngolo za ng'ombe kuti madzi aziyendetsa chigayo. Chigayocho chinasiya kalekale, koma damu lilipo, ndipo pakhomapo pali mitengo isanu ndi iwiri yamoyo ndi zitsa khumi ndi chimodzi.

Mvumbi unali utagwa masiku asanu ndi anayi osakata. Madzi anali atadzaza mpaka kumanyambita udzu wa pamwamba pa khoma. Kuseri kwake, kumunsi, kunkaoneka denga la nyumba ya mayi awo, yomwe kale inali chigayo chija, utsi ukutuluka pachumuni. Kupitirira apo, motsata kamtsinje, kunali nyumba zina zinayi.

A Firmin, mng'ono wa malemuyo, anali ataima poteropo ndi ambulera kudzanja lina, kudzanja lina botolo la kachasu wa maapulo woti athire pachitsa mtengo ukagwa.

"Mwana iwe," anatero, "manda a bambo ako sanaume n'komwe, ukufuna utichititse manyazi? Anthu kumunsiku akudikira kumva mtengo ukugwa."

"Bambo aang'ono, tsikani mukaone kuseri kwa chitsa cha agogo aamuna. Kungotsika basi."

"Ndi mabondo angawa? Kuli chiyani?"

"Madzi akutuluka."

Gervais anaseka. "Khoma lililonse la dothi limachita thukuta. Wayiwala kuti tinkagwira achule pamenepo?"

"Nthawi ya achule madziwo anali oyera. Lero ali ngati khofi wothira mkaka."

Solene sanali injiniya ayi. Koma anali atatha zaka khumi ndi zisanu ali pampando wa chigalimoto chokumba misewu mumzinda wa Limoges, ndipo dothi ankalidziwa kuposa mmene ankadziwira abale ake. Madzi oyera akamatuluka pakhoma, amenewo ndi madzi chabe. Akakhala amatope ndiye kuti khoma likudyeka m'kati. Njira yake ankaidziwanso: mtengo ukadulidwa mizu imaola, pamene panali muzu pamatsala mphako yaitali, madzi n'kupezamo msewu. Zitsa khumi ndi chimodzi, abale inu! Tsono uwu wa bambo awo unali waukulu kuposa yonse, anthu awiri sakanaukumbatira, ndipo kuugwetsera pa dothi lonyowa chonchi kunali kugwedeza khoma lonse. Solene anali ndi mantha kwambiri, koma mantha ake iye amatulukira pakamwa ngati ukali.

"Khoma ili laima zaka mazana awiri," anatero Gervais. "Bambo anathamangitsa anthu a ofesi ya zamadzi katatu konse. Wina anasiya chipewa, chili pamsomali mpaka lero. Iwe wabwera Lachiwiri lomweli ndi kachikwama kako, lero ukufuna utiphunzitse damu lathu?"

"Linda madzi apite, Gervais, ndiye uziti ndadala."

A Firmin anayang'ana botolo lawo, n'kuyang'ana mvula. "Nkhani iyi siitha ndi njala," anatero. "Tiyeni tikadye. Mayi anu akaweruze."

Gervais anaika macheka pachitsa, n'kuwafunditsa jekete lake lakale.

Mayi Odette anali ataphika chitumbuwa cha mbatata ndi anyezi, chomwe malemu ankachikonda. Anali akadali m'diresi lakuda la kumaliro, epuloni pamwamba. Mpando wa kumutu kwa tebulo palibe anaukhalira. Solene analowa pambuyo pa onse, atanyowa mpaka m'kati, n'kuika botolo la jamu pakati pa tebulo, pakati pa buledi ndi mchere. Munali madzi a kuseri kwa chitsa aja.

"Chotsa zonyansazo, tikudya," anatero Gervais.

"Idya. Lilekeni likhale."

Anadya. Pofika theka la chitumbuwa, matope anali atakhazikika pansi pa botolo, okwana chala chonse kuima kwake. Solene analikankhira kwa mayi ake.

"Amayi, limenelo ndi khoma lanu. Ndatunga botolo limodzi. Kukutuluka otere usana ndi usiku."

Mayi Odette analiyang'ana botololo nthawi yaitali. "Idyani," anatero. "Zizizira."

"Amayi, pakirani zovala. Mukagone kwanga ku Limoges mpaka mvula ikate."

"Ndinalowa m'nyumba muno ndi diresi loyera. Ndidzatuluka m'bokosi."

"Mudzatuluka ndi madzi, inu ndi mipando yomwe!"

Gervais anamenya tebulo mpaka mchere kudumpha. Maso ake anali ofiira, ndipo sikunali kachasu.

"Iwe ukudziwa chiyani? Ndani ankawatembenuza Bambo pabedi miyezi inayi? Ndani ankawameta? Iwe unkaimba foni Lamulungu, mphindi zisanu, 'muli bwanji, mwadya?' Ine ndakhala pano moyo wanga wonse akundiuza kuti sindidziwa kugwira fosholo, sindidziwa kumanga mpanda, sindidziwa kanthu. Chinthu chimodzi chokha chimene anandisiyira kuti ndichite ine, osati wina, ndi mtengo umenewu. Iwo anadula wa bambo awo. Ine ndidula wawo. Chimenecho undilandenso?"

Zinam'lasa Solene, chifukwa zinali zoona. Anamumvera chisoni mchimwene wakeyo, chisoni chenicheni. Koma chisoni sichitseka mphako.

"Ndikulanda," anatero. "Undide. Bola uzindida Amayi ali moyo."

"Tikatha kudya ndikukadula. Ukakhalanso pansi paja ndikunyamula ndekha ndikuponye m'madzi."

Solene anakankha mpando n'kutuluka. Ali pakhomo anamva mayi ake akunena modekha kuti, "Gervais, khala pansi. Khofi sunamwe. Ndipo undionere chitseko cha mbaula ichi, chikuvuta kutseka."

Anadzera m'shedi n'kutenga chitsulo chachitali chokowera. Atafika pamwamba pa khoma anavundukula jekete lija, n'kunyamula macheka ndi manja awiri. Anawazunguza kamodzi, kawiri, n'kuwaponya. Phava! Abakha anabalalika.

Pakati pa khoma, m'madzi, pali chipata: kachipilala ka miyala komwe muli matabwa osanjikizana, ndipo kufikako umayenda pa kamlatho kopapatiza ka munthu mmodzi. Ukazula thabwa la pamwamba, madzi amatsika mpaka pa lotsatira. Kale, zaka zitatu zilizonse, a kwa Vergnaud ankazula onse n'kuphwetsa damu, chigwa chonse n'kubwera ndi maukonde ndi madengu kudzagwira nsomba m'matope. A Leonce anathetsa zimenezo zaka makumi awiri zapitazo. Anati anthu ndi osayamika, amadya nsomba zawo n'kumawanenanso miseche. Chiyambire pamenepo palibe anakhudza matabwa aja.

Thabwa loyamba linali litatupa, linakana. Solene analikowa, kuponda mwala, kukoka mpaka msana kulira, akulitukwana ndi mawu a kumisewu. Kenaka linazuka, lakuda bii, lolemera. Madzi anakhuthukira m'chipilala ndi mkokomo, n'kukatulukira kumunsi, m'kamtsinje ka m'mbali mwa nyumba. Thabwa lachiwiri sanalikhudze. Damu ukaliphwetsa mothamanga khoma lonyowa limagumukira m'kati. Zimafunika thabwa limodzi, kudikira, kenaka lina.

Mkokomowo ndiwo unatulutsa Gervais m'nyumba. Anakwera akuthamanga, a Firmin akutsimphina pambuyo.

"Wapenga! Bweza thabwalo!"

Solene anaima pakati pa kamlatho, chitsulo chopingasa m'manja. "Bwera udzabweze. Tigwera limodzi, ndipo pa awirife wodziwa kusambira ndi ine."

Gervais anatembenukira kuchitsa kuja. Anapeza jekete lokha.

"Macheka anga ali kuti?"

"Apo, pamene pali abakha. Ukuwafuna? Dikira madzi atsike."

A Firmin anakhala pachitsa, n'kutsegula botolo lija, n'kumwa okha. "Achimwene," anatero akuyang'ana kumwamba, "munabereka chilombo."

"Ndipo mumve zonse lero lomwe," anatero Solene. "Ndaimbira a nyumba za kumunsi kuti achotse nkhuku m'mbali mwa mtsinje. Ndaimbiranso ku ofesi ya zamadzi. Injiniya abwera Lolemba."

Za macheka Gervais akanakhululuka. Koma izi ayi.

"Waitana boma pa damu la Bambo," anatero motsitsa mawu. "Asanathe sabata m'manda."

"Ndaitana."

"Si iwe mlongo wanga."

"Chabwino. Ndine mlendo wozula matabwa."

Madzulo amenewo Gervais anayenda nyumba zonse zinayi kubwereka macheka. Zodabwitsa, tsiku limenelo macheka a chigwa chonse anali atawonongeka. A wina anali opanda mafuta, a wina anabwerekedwa ndi mlamu, a wina tcheni chinali chitaduka m'mawa womwewo. Anthu a kumunsi ankawalemekeza a Leonce, inde, koma ankagona pansi pa madzi awo.

Masiku awiri anadutsa awiriwo osalankhulana. Mchere ankapemphera kwa mayi awo. Solene ankakhala pakamlatho kuyambira m'mawa, atavala chikhoti cha mvula cha bambo ake, akuzula thabwa madzi akafika pa mzere. Thabwa lachiwiri, lachitatu, lachinayi. Kuseri kwa chitsa cha agogo madzi amatope aja anachepa, koma sanasiye. Mvula inakata Loweruka masana, ngakhale wailesi inkati ibweranso Lolemba.

Lamulungu m'mawa damu linali litatsika kufika pachifuwa cha munthu. M'mbali monse munali matope onunkha, ndipo chogwirira cha macheka chinkaoneka chili tu m'thope. Gervais anavala majombo aatali n'kutsikira kumeneko, osayang'ana n'komwe kukamlatho. Solene anamuona akuwerama kuti awazule, kenaka akuweramuka wopanda kanthu m'manja. Anali atatembenukira kukhoma.

"Solene."

Kanali koyamba kumutchula dzina chiyambire Lachisanu.

"Solene, tabwera."

Anatsika. Ataima pamene panaima mchimwene wake, anaona nkhope ya khoma yomwe madzi ankaibisa zaka zonsezi. Inali zigamba zokhazokha. Kutsogolo kwa chitsa chilichonse kunali dongo lachikasu, losiyana ndi dothi la khomalo, lomatidwa mochindikala, lotchingidwa ndi zikhomo ndi nthambi zolukana ngati dengu. Zigamba zina zinali zakale, zobiriwira ndi ndere. Zina zinali zomatidwa pamwamba pa zinzake, katatu, kanayi. Palibe chitsa chimene chinasiyidwa. Cha kutsogolo kwa chitsa cha agogo aamuna chokha ndicho chinali chitagumuka, ndipo pakati pake panali dzenje lolowa mkono, madzi akuzungulira n'kumalowamo.

"Wachita izi ndani?" anafunsa Gervais, ngakhale ankadziwa. Kalukidwe ka nthambi kameneko kanali kamodzimodzi ndi ka mipanda yonse ya pakhomo pawo.

"Miyezi inayi ali gone," anatero Solene. "Panalibe womata."

"Ankati khomali ndi lolimba ngati tchalitchi. Ankandiuza ine ndi pakamwa pawo."

"Ankauza aliyense."

Pamwamba pa khoma panamveka kulira kwa wilibala yopanda mafuta. Anali mayi Odette, atachokera kutchalitchi, diresi lakuda lomwe lija, akukankha wilibala yodzaza dongo lachikasu. Anaiimika, n'kupumira, n'kuyang'ana pansi pamene panali ana awo.

"Eya," anatero. "Mwaona tsopano."

Solene anakwera khomalo ndi manja ndi mabondo. Ukali unali utamudzaza mpaka m'makutu.

"Mumadziwa! Amayi, mumadziwa, n'kumagona pansi pake zaka zonsezi?"

"Iyenso ankagona pomwepo, pambali panga."

"Bwanji simunanene patebulo paja? Ndinakuikirani botolo pamphuno!"

"Anandilumbiritsa. Ndinalumbira kuti sindidzauza munthu." Mayiwo anapukuta manja pa diresi. "Sindinalumbire kuti ndidzaletsa madzi kutsika. Ukuyesa chitseko cha mbaula chinali ndi vuto lanji? Ndinadziwa kumene ukupita, kenaka ndinakuona pawindo uli ndi chitsulo."

Gervais anali atakwera nayenso. "Nanga za nsomba zija? Zoti anthu ndi osayamika?"

"Anthu anali bwinobwino. Ankaopa kuti damu likaphwa aliyense aona. Anthu akaona, boma limva. Boma likamva, lidzati gumulani. Ndiye chilimwe chilichonse, madzi akatsika okha, ankadzuka m'mamawa n'kumati akukawedza. Munaonapo nsomba imodzi? Ine ndachapa dongo pa mathalauza ake mpaka zala kupindika." Anayang'ana zitsa zija, mzere wonse. "Anazindikira atadula wa bambo ake. Patatha zaka zisanu madzi anayamba. Koma anene bwanji kuti mwambo wa makolo ake ukudya khoma la makolo ake? Leonce? Bola kufa. Ndipo wafadi osanena, chitsiru cha mwamuna."

Anatulutsa kansalu m'thumba n'kumina mwamphamvu.

Gervais anakweza maso kuyang'ana mtengo wa bambo ake. Masamba ouma anali akadali kunthambi, akugwedera. Anauyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye pamanda pakhala popanda mtanda?" anafunsa.

"Pali matabwa anayi a thundu apo, mlongo wako wazula," anatero mayiwo. "Akhala m'madzi a Vergnaud zaka zambiri kuposa iwe. Sema amenewo. Udziwa kusema, ngakhale iye sankanena."

"Injiniya akabwera mawa akhoza kunena kuti tiligumule ndithu," anatero Solene. "Sindikunamizani, Amayi. Dongo lokha silichiritsa izi."

"Anene. Pakamwa ndi pake. Ndimuyankha ndekha, ndipo khofi ndimupatsa, osati ngati bambo ako. Koma mvula ikubwera mawa, ndipo dzenje lija siligona lotsegula pamwamba pa denga langa. Gervais, kuseri kwa shedi, pansi pa malata akale, pali nkhuti ya dongo. Tenga mawilibala ena awiri. Solene, madzi ndowa imodzi."

Anapita onse, osatsutsa. Pobwerera anapeza mayi awo atakhuthulira dongo lija pa mwala wathyathyathya womwe uli pamutu pa kamlatho, atavula nsapato za kutchalitchi n'kuziika pachitsa moyandikana bwino, masokosi m'kati. Kunkazizira moti mpweya unkaoneka pakamwa.

"Amayi, mudwala. Tiuzeni, tichita ife."

"Simudziwa. Louma silimata, liyenera kupondedwa mpaka lifewe ngati batala. Thira madziwo. Pang'ono! Ukufuna phala?"

Anakwinya diresi lakuda mpaka m'mabondo, n'kukwera pa dongolo. Miyendo yoyera, yowonda, ya mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi, inalowa mpaka mu akakolo. Kenaka anaika manja kumbuyo, dzanja lina kugwira linzake, n'kutulutsa chibwano, n'kuweramira kutsogolo pang'ono. Solene anagwira pakamwa. Anali bambo ake enieni, mmene ankaimira pageti akaona galimoto ya boma.

"Ankaponda chonchi," anatero mayi Odette. "Chidendene choyamba. Uku akutukwana."

"Akutukwana ndani?" anafunsa Gervais, mawu ali osasa.

"Boma. Mvula. Agogo ako ndi mitengo yawo. Aliyense, kupatula damu."

Anaponda kumanzere, anaponda kumanja, dongo likulira pansi pa mapazi. Gervais anakhala pansi m'matope momwemo n'kuyamba kuvula majombo.